Denga Lopindika Salikwera, Amayamba Kulichirikiza Pansi

ULÓNGUÈ – Chaka ndi chaka, mabingu oyamba akamveka, anthu a m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amathamangira kufolera nyumba zogonamo. Khitchini, khola, nkhokwe ndi chigafa cha fodya zimatsala m'mbuyo kudikira tsiku lopanda ntchito, ndipo tsikulo kawirikawiri silifika. Pofika mu Januwale udzu wamwa madzi, mtanda wapamwamba wapindika ngati msana wa ng'ombe yokalamba, koma pansi pake mayi akuphika, ana akuotha moto, mbuzi zagona, kapena fodya wa chaka chonse wapachikidwa.

Denga lotere limakonzeka, ndipo nthawi zambiri ndi mitengo ndi zida zopezeka pamudzi pomwepo. Koma ntchitoyi ili ndi dongosolo lake. Munthu akaona denga latsika pakati, maganizo oyamba amakhala otenga makwerero kuti akaone pamwamba, ndipo apa ndi pamene ngozi imayambira. Mtengo umene walephera kusenza udzu sungasenze udzuwo pamodzi ndi munthu wa makilogalamu 60 kapena 70. Denga lopindika limayamba kuchirikizidwa pansi, kenaka kupepuzidwa, ndipo kukwera kumabwera pomalizira mitengo yatsopano itakhazikika.

Chimapinditsa denga n'chiyani

Mdani woyamba ndi chiswe. Chiswe chimadya mtengo m'kati n'kusiya khungu lakunja looneka bwino, kotero kuti mzati umaoneka wamphamvu pamene m'kati mwadzaza dothi. Palinso tizilombo tofumbwitsa mitengo, timene timadziwika ndi timabowo ting'onoting'ono ndi ufa wogwera pansi. Nsungwi ndiye zimafumbwa msanga. Chachitatu ndi kuola, makamaka pamene mzati walowera m'dothi ndi pamene denga limadontha.

Mdani wina ndi kulemera. Mabanja ambiri amafolera udzu watsopano pamwamba pa wakale chaka ndi chaka, mpaka denga kusenza udzu wa zaka zinayi kapena zisanu. Udzu wapansi umaola n'kumasunga madzi ngati thonje. Pa madenga a malata, njerwa ndi miyala zimene anthu amaikapo poopa mphepo zimalemetsa mapaso usana ndi usiku. Ena amayanika maungu pamwamba, ena amapachika matumba a mbewu ndi njinga ku mtanda.

Mitengo yomangira nayonso inasintha. Chibwerere anthu kuchokera ku Malawi m'zaka za 1993 ndi 1994, nkhondo itatha, midzi ndi minda zakula, ndipo mitengo yolimba ngati muwanga ndi mlombwa ikusowa pafupi ndi midzi. Ambiri amamangira bulugamu, nthawi zina wamuwisi ndi waung'ono. Mtengo wauwisi ukasenza katundu umapindika pang'onopang'ono, ndipo ukaumira mopindika choncho suwongokanso. Kukula kwa mtengo kuli ndi ntchito yaikulu kuposa mmene maso amaonera. Pa mitengo iwiri ya mtundu umodzi, wa masentimita 10 m'mimba mwake umasenza pafupifupi kuwirikiza kawiri katundu amene wa masentimita 8 ungasenze.

Palinso denga lomangidwa mogona. Udzu umafuna denga lotsetsereka kwambiri kuti madzi athamange. Likagona, madzi amaima, udzu umaola, ndipo kulemera kumakankhira mapaso kunja mpaka makoma kuyamba kutanuka. N'chifukwa chake denga lotsika pakati kawirikawiri limayenda pamodzi ndi ming'alu ya m'makona a khoma.

Kuyang'ana asanagwire chilichonse

Ntchito imayamba ndi kutulutsa zamoyo. Ana, nkhalamba ndi ziweto zichoke, moto wa m'khitchini uzimitsidwe, ndipo pakhomo patchingidwe kuti wina asalowe mosadziwa. Kenaka mwini wake azungulire kunja, aime patali pang'ono ndi kuyang'ana mzere wa pamwamba pa denga, mizati ya m'mbali ndi makoma. Chingwe chomangirira mwala kunsonga, chikalendewera pambali pa khoma, chimaonetsa ngati khomalo lapendekera kunja.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka munthu sayenera kulowa m'kati konse: khoma lopendekeka, mng'alu wolowa chala umene ukukulirakulira, mtanda wothyoka kale umene wangotsamira pa unzake, chitseko chimene chayamba kukanika kutseguka, ndiponso mitengo yolira yokha kopanda mphepo. Nyumba yotere siikonzedwa. Imagwetsedwa anthu ataima kunja, pogwiritsa ntchito zingwe ndi mitengo yaitali ya ngowe, ndipo mitengo yabwino imatoledwa zonse zitagwa. Kutaya khitchini n'kopepuka kusiyana ndi kutaya munthu.

Ngati makoma ali chilili ndipo mtanda wangopindika, mitengo iyesedwe umodzi umodzi kuyambira pakhomo. Kumbuyo kwa chikwanje kukagogoda mtengo wabwino, kulira kwake kumamveka kolimba, pamene wodyedwa ndi chiswe umalira ngati ng'oma. Msomali wautali kapena nsonga ya mpeni ikalowa mosavuta, mtengowo watha. M'khitchini mwaye umabisa zambiri, choncho upalidwe kaye. Pa mizati yozikidwa pakumbidwe pang'ono m'tsinde, kuya kwa dzanja limodzi, chifukwa mzati umaolera pamene wakumana ndi dothi ngakhale pamwamba pali bwino. Mtengo uliwonse wokayikitsa ulembedwe ndi khala.

Kuchirikiza

Pochirikiza pafunika mitengo yowongoka, youma, yosachepera masentimita 10 m'mimba mwake, ndipo ya mphanda kumutu ndiyo yabwino chifukwa mtanda suterereka. Mtengo wochirikizira suimikidwa padothi chabe, makamaka nthawi ya dzinja, chifukwa umamira. Pansi pake paikidwe mwala waphanthiphanthi kapena thabwa lochindikala. Ngati mtanda ndi wofooka kwambiri, pakati pa mtandawo ndi mitu ya zochirikizira padutse thabwa kapena mtengo wina wopingasa, kuti kulemera kugawanike.

Wochirikiza amayambira pakhomo kulowa m'kati. Mtengo woyamba uime pafupi ndi khomo, wachiwiri mita imodzi kutsogolo kwake, ndipo azipita choncho mpaka kufika pamene patsika kwambiri. Potero munthu amakhala pansi pa gawo lochirikizidwa nthawi zonse, ndipo njira yothawira ili kumbuyo kwake. Njirayo ikhale yopanda mitondo, mikeka, ndowa kapena zida. Mtengo uliwonse uime chilili, ulimbitsidwe pokhomera pansi pake timitengo tiwiri tosema mosongoka, tina kuchokera uku tina uko, ndipo zochirikizira zimangidwe pamodzi ndi mtengo wopingasa kuti umodzi usagwe wokha.

M'kati mulowe anthu awiri okha. Wachitatu aime kunja, ntchito yake ikhale imodzi, kuyang'ana denga ndi makoma. Akaona chinthu chikusuntha kapena fumbi likugwa, afuule, ndipo a m'kati atuluke osafunsa, osatola chida.

Zochirikizira zikaima, katundu yense wopachikidwa ku mitanda atsitsidwe, kuyambiranso pakhomo.

Kusasula udzu

Denga silikwezedwa lili ndi katundu wake. Udzu wakale uchoke kaye. Popeza pofolera amayambira pansi kukwera pamwamba, posasula amayambira pamwamba kutsika pansi. Wosasula aime pansanja yomangidwa pambali pa nyumba, yoima payokha, ndipo akoke udzu ndi mtengo wa ngowe atadula luzi ndi chikwakwa chomangirira ku mtengo wautali. Makwerero akagwiritsidwa ntchito atsamire pakhoma lolimba, osati pa mapaso. Pa mamita 4 a kutalika, miyendo ya makwerero italikire mita 1 kuchokera pakhoma, ndipo munthu wina awagwire pansi.

Udzu uchotsedwe mofanana mbali zonse ziwiri, pang'ono uku pang'ono uko. Kusasula mbali imodzi yonse pamene inayo ikadali yolemera kumakankhira denga kumbali. Mu udzu wakale mumakhala njoka zotsata makoswe, zinkhanira ndi mavu, choncho dzanja lisapisidwe pamene maso sakuona. Fumbi la udzu woola limatsamwitsa, ndipo nsalu yonyowa yomanga pamphuno ndi pakamwa imathandiza. Udzu wochotsedwawo uunjikidwe patali ndi moto. Woola ukhoza kupita kudzenje la manyowa.

Denga la nkhokwe lili ndi mwayi wake. Limanyamulidwa lonse ndi anthu anayi kapena asanu n'kukonzedwa pansi, popanda wokwera. Likatsika, ndi nthawi yabwino yoonanso miyendo ndi mitanda yapansi ya nkhokweyo, imene imasenza chimanga chonse.

Kukweza ndi kusintha mitengo

Udzu ukachoka, mafupa a denga amaonekera poyera, ndipo nthawi zina denga limabwerera lokha pang'ono. Ngati pakufunika kukweza mtanda, kukwezako kuchitike pang'onopang'ono pokhomera timitengo tosongoka tija. Amene angabwereke jeki ya galimoto aiike pathabwa lochindikala, mtengo woima pamwamba pake ukhale wowongoka ndipo wina augwire, chifukwa ukapendekera umafwamphuka ndi mphamvu yotha kuthyola nsagwada. Akweze sentimita 1 kapena 2, aime, alimbitse zochirikizira zonse, amvetsere, ndiyeno apitirize. Jeki siisiyidwa yokha kusenza denga, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Mtengo ukalira, ntchito iime.

Cholinga si kuwongola mtanda wakale. Mtengo umene wapindika kwa zaka sungawongoke, ndipo kuukakamiza kumauthyola kapena kuzula mapaso pakhoma. Kukweza kungofika pamene mtengo watsopano ungalowe.

Mtengo watsopano ulowe ndi kumangidwa wakale asanachotsedwe, ndipo asinthidwe umodzi umodzi. Phaso lowonongeka pamalo amodzi likhoza kugwirizidwa ndi linzake latsopano pambali pake, lopitirira malo owonongekawo masentimita osachepera 60 mbali zonse, lokhomedwa ndi misomali ndi kumangidwa ndi waya. Koma mtanda wapamwamba wodyedwa ndi chiswe umafunika kusinthidwa wonse. Mitanda iwiri ikalumikizidwa, mfundo yake ikhale pamwamba pa mzati, osati m'malere. Amene akugwiritsa ntchito matabwa ocheka a barrote awaimike cham'mbali, mbali yopyapyala pansi, chifukwa thabwa logonekedwa chafufumimba limapindika msanga.

Mankhwala otsika mtengo kwambiri a mtanda wautali ndi mzati wapakati. Mtanda wa mamita 6 wopanda chochirikiza pakati umavutika ngakhale utakhala waukulu, koma mzati umodzi umausandutsa mitanda iwiri ya mamita 3, ndipo kupindika kumachepa kwambiri. Pofuna kuti makoma asatanukenso, mapaso oyang'anana alumikizidwe m'munsi ndi mitengo yopingasa kuchokera khoma lina kufika linzake. Mbali zitatu zikatsekeka motero, denga silithanso kukankha makoma.

Mitengo yatsopano isendedwe makungwa ndi kuumitsidwa pamthunzi isanamangidwe. Tsinde la mzati liwauliridwe pamoto mpaka kuda kunja, ndipo m'dzenje muikidwe miyala kuti madzi asaime. Kumene simenti ilipo, mzati woima pamwala kapena pakonkire, osakhudza dothi, umakhala zaka zambiri. Oyilo wakutha wa injini, amene ena amapaka poteteza chiswe, ali ndi poizoni, motero asapakidwe pa mitengo ya nkhokwe, ya m'khitchini kapena pafupi ndi chitsime. Nsungwi za mbaliro zikaviikidwa m'madzi kwa milungu ingapo zisanaumitsidwe sizifumbwa msanga. Njira za chiswe zokwera khoma ziphwanyidwe, ndipo nkhuni zisaunjikidwe motsamira nyumba.

Zochirikizira zimachotsedwa pomalizira, kuyambira m'kati kubwerera pakhomo, umodzi umodzi, maso ali padenga.

Kufolera

Ngati mapaso onse akusinthidwa, uwu ndi mwayi wokonza kutsetsereka kwa denga. Muyeso wake ndi wosavuta: msonga ya denga ikwere pamwamba pa khoma ndi theka la mulifupi mwa nyumba. Khitchini ya mamita 4 mulifupi ifuna msonga yokwera mamita 2, ndipo ya mamita 3 ifuna mita imodzi ndi theka. Kupitirira pamenepo palibe vuto, koma kuchepera ndiko kuitana kudontha. Udzu ukhale wouma, wopesedwa bwino, ndipo m'mphepete mwa denga mutuluke mokwanira kuti madzi agwere kutali ndi khoma ndi mizati. Wofolera aponde pamene mbaliro zadutsa pa phaso, ndipo pamwamba pasakhale anthu oposa awiri.

Malata ndi lusalite

Pa denga la malata dongosolo ndi lomwelo, koma pali zoopsa zina. Miyala ndi njerwa zitsitsidwe denga litachirikizidwa, ndipo pansi pasakhale munthu. Lata limadula manja ngati mpeni, ndiponso mphepo ikaliwomba limagwetsa woligwira, choncho ntchito ya malata ichitike m'mawa kuli bata. Kumene mawaya a magetsi a EDM adutsa pafupi, lata kapena mtengo wautali usayandikire mawayawo. Pomanganso, misomali ikhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande yoyenda madzi, ndipo mapaso amangidwe ndi waya ku mitanda ndi kukhoma. Namondwe Ana, amene mu Januwale 2022 anawononga mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete ndi nyumba zambiri m'chigawo chino, anaonetsa kuti mvula yamphamvu ndi mphepo zochokera kunyanja zimafika mpaka kuno kumtunda. Denga lomangidwa ndi waya limapirira kuposa lotsinjiridwa ndi miyala.

Masitolo akale ndi mosungira katundu mwina muli madenga a lusalite. Lusalite wakale amasweka mwadzidzidzi akapondedwa, ndipo munthu amagwera m'kati popanda chenjezo. Komanso wakaleyo anapangidwa ndi asbestos, amene fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo ndi khansa patapita zaka zambiri. Boma la Moçambique linaletsa asbestos mu 2010, koma madenga akale akadalipo. Lusalite sachekedwa, sabooledwa, saphwanyidwa. Anyowetsedwe, amasulidwe, atsitsidwe wathunthu, ndipo zidutswa zake ana asaseweretse.

Chigafa chikapindika fodya ali m'kati

Alimi a fodya wa burley, amene ambiri amatenga mbewu ndi feteleza pangongole ku kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, ali ndi vuto lapadera. Chigafa chimasenza katundu wolemera kwambiri pakati penipeni pa mvula. Tsamba la fodya longothyoledwa kumene, magawo oposa 8 mwa magawo 10 a kulemera kwake ndi madzi, kotero masiku oyamba fodya atapachikidwa ndiwo oopsa. Chigafa chimene chinaima bwino chili chopanda kanthu mu Disembala chikhoza kuwerama usiku umodzi mu Febuluwale, udzu utanyowa, mikangala itadzaza, ndipo dothi la m'tsinde mwa mizati litafewa. Chikagwa, fodya amanyowa, amathyoka, amadetsedwa ndi matope n'kutsika giredi, koma ngongole siitsika.

Pa nthawi yotere mlimi sayenera kusasula kapena kusintha mitanda. Achite zitatu zokha. Achirikize kuchokera kumapeto kulowa pakati, miyala ili pansi pa zochirikizira. Atsitse mikangala ya fodya wamuwisi pamalo opindikawo ndi kuigawa kwina. Akumbe ngalande kuzungulira chigafa kuti madzi asaime m'tsinde mwa mizati. Mitengo yopendekera, yotsamiritsa kumapeto ndi m'mbali, imaletsa chigafa chachitali kugwera mbali imodzi. Kukonza kwenikweni kudikire fodya atachoka. Kukamveka bingu, kapena mvula ikayamba, aliyense atuluke.

Ngozi ikachitika

Denga likagwera munthu, othandiza asakwere pamwamba pa zogwazo. Anthu ambiri anyamule mtengo nthawi imodzi, ena alowetse miyala kapena zipika pansi pake, ndiyeno wovulala atulutsidwe. Amene wagwa kuchokera pamwamba n'kumadandaula khosi kapena msana, kapena miyendo yachita dzanzi, asadzutsidwe, asakhazikidwe pansi, asakwezedwe panjinga. Agonekedwe chagada pachitseko kapena pathabwa, wina atagwira mutu kuti usatembenuke, ndipo atengedwe choncho kupita kuchipatala chapafupi kapena ku Hospital Rural de Ulónguè. Amene wamenyedwa m'mutu n'kuyamba kusanza, kusokonezeka kapena kuodzera apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala lisakuoneka. Bala la msomali kapena lata litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, lisathiridwe dothi kapena phulusa, ndipo mwini wake akalandire katemera wa kafumbata.

Nthawi yake

Miyezi yabwino yokonzera madenga ndi Ogasiti, Sepitembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Udzu unamwetedwa kale ndipo wauma, dothi ndi lolimba, denga ndi lopepuka, ntchito ya kumunda yachepa. Mitengo idulidwe miyezi ingapo m'mbuyo kuti ifike itauma. Amene adikira mvula yoyamba amagwira ntchito mothamanga, pamitengo yoterera, ndi udzu wotsala.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa ntchito iyi mwambiwo ndi langizo lenileni. Pafunika anthu osachepera atatu, mmodzi mwa iwo mmisiri kapena munthu amene anamangapo madenga, ndipo mawu ake ndiwo amveke. Kumene anthu aitanidwa padima, mowa utuluke ntchito itatha ndipo womaliza atatsika pansi. Mayi amene amaphika m'khitchini tsiku ndi tsiku ndiye amayamba kuona ufa wa mtengo ukugwera pachivundikiro cha mphika ndi dontho latsopano pakona. Akanena, pabanja pamveke msanga, chifukwa mu Sepitembala vutolo limatha ndi mitengo iwiri, waya ndi tsiku limodzi la ntchito.